Mafuta akatuluka m'nyanja yathu, adzalemera ndani?

aPhiri Dalaivala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Kumudzi akundiuza kuti mizere ya petulo yabwereranso, anthu akugona m'magalimoto kudikira thanki. Zimandiwawa kwambiri chifukwa akatswiri amati pansi pa nyanja yathu pakhoza kukhala mafuta. Ziphaso zofufuzira boma linapereka kalekale, cha mu 2011 ndi 2012, koma mpaka lero zii. Tikanakumba bwenzi ndalama zakunja zili mbwee, ndipo ambirife tikanabwerera kwathu m'malo momavutika ndi mapepala kuno ku Joni.

Nachisale: Achimwene, nyanja imene mukuinenayo ndiyo inandilera ine. Bambo anga ndi msodzi ku Monkey Bay, mayi anga amayanika usipa. Musanayambe kuwerenga madola, ndiuzeni kaye kuti anthu awiri amenewa adzapeza chiyani.

aPhiri Dalaivala: Ntchito, chemwali. Misewu, zipatala, magetsi. Dziko likalemera, onse amalawako.

Che Telala a ku Mayfair: Salamu abale. aPhiri, ine shopu yanga yoyandikana nayo ndi ya mnyamata wa ku Nigeria, wochokera kufupi ndi Port Harcourt, kumene mafuta amachokera kwenikweni. Timacheza tsiku lililonse. Mafuta kwawoko anawapeza mu 1956 pamudzi wotchedwa Oloibiri, nayamba kuwagulitsa kunja mu 1958. Zaka zonsezi dziko lawo lakhala m'gulu la mayiko otulutsa mafuta ambiri mu Africa muno. Koma iye ali kuno, akugulitsa machaja a foni ngati mmene ine ndikusokera madiresi. Funso langa ndi lakuti, ngati mafuta amabweza anthu kwawo, iyeyu akutani ku Mayfair?

Nangozo: Ndiwonjezerepo pang'ono pa nkhani ya mizere ija, malume. Mafuta otuluka pansi si petulo. Amafunika kuyengedwa kaye. Nigeria kwa zaka zambiri inkagulitsa mafuta osayenga kunja n'kumagula petulo kuchokera kunja komweko, chifukwa mafakitale a boma oyengera ankangokhala owonongeka. Mizere ya petulo ku Lagos inali nkhani ya nthawi zonse. Mu 2024 ndi pamene fakitale yaikulu yoyengera mafuta ya Dangote inayamba kugwira ntchito ku Lekki. Angola nayonso imagula kunja gawo lalikulu la petulo ndi dizilo wake.

aPhiri Dalaivala: Zimenezo ndi za atsogoleri akuba basi. Vuto si mafuta, vuto ndi anthu.

Aphunzitsi aBanda: aPhiri, kuba kulipo ndithu, palibe angakane. Koma tikangoti akuba basi, tiphonya chinthu chachikulu. Ngakhale mutaika munthu woopa Mulungu pampando, chuma cha mafuta chili ndi njira yake imene chimayendamo, ndipo njirayo imalambalala munthu wamba. Taganizani za fodya kapena chimanga. Ndalama yake imadutsa m'manja ambiri: wolima, waganyu, wa ngolo, wa matola, mayi wogulitsa zitumbuwa pamsika wa fodya. Ngakhale mlimi amaberedwa pamtengo, kenakake kamatsalira m'mudzi. Mafuta sali choncho. Amatuluka pachitsime, kulowa m'payipi, kukwera sitima, basi apita. Ndalama yake imachoka ku kampani kupita ku thumba la boma ku likulu. Pakati ponsepo palibe pamene yadutsa m'dzanja la munthu wa pamalopo. Ndiye kuti ibwerere kumudzi kumene inachokera, pafunika wina ku likulu achite kufuna.

Nachisale: Apo mwanena, aphunzitsi.

Aphunzitsi aBanda: Ndipo pa nkhani ya ntchito. Pomanga pamafunikadi anthu zikwizikwi, okumba, onyamula, alonda, ophika. Zikatha zaka zochepa zomangazo, otsala ndi mainjiniya ndi amisiri owerengeka, ambiri ochokera kunja kapena ku mizinda ikuluikulu. Mnyamata wa pamudzi amene anasiya munda kapena bwato kuti akanyamule simenti amapezeka alibe ntchito, alibenso munda. Koma mitengo ya zinthu imene inakwera nthawi yomanga ija sitsika.

Mayi a Tadala: Izi za mitengo ndi zoona. Ku Ghana atapeza mafuta mu 2007 n'kuyamba kupopa kumapeto kwa 2010, mu mzinda wa Takoradi lendi inakwera kwambiri, eni nyumba akufuna alendi a m'makampani a mafuta. Mphunzitsi kapena namwino wa mumzinda womwewo malipiro ake ali pomwepo. Luanda nayo kangapo konse inatchulidwa kuti ndi mzinda wodula kwambiri padziko lonse kwa alendo ogwira ntchito, pamene anthu ambiri a mumzindawo amakhala m'makomboni ogula madzi m'zigubu. Wolandira madola ndi wolandira kwanza, ndalama ya ku Angola, akugula pamsika umodzi. Mpata wa olemera ndi osauka umakula chonchi, ngakhale popanda amene waba tambala.

aPhiri Dalaivala: Chabwino, ndamva. Koma nanunso mundimvere. Ife mafuta tilibe, nanga talemera? Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mankhwala m'zipatala mulibe, feteleza anthu akulephera kugula. Chambo chimene mukutetezacho chikutha kale popanda ndi dontho lomwe la mafuta. Umphawi wopanda mafuta nawonso ukupha anthu, ndipo ndi umene watithamangitsira kuno. Ine ndimayendetsa thiraki, ndaona ndi maso anga mmene Maputo yasinthira. Sindingavomere kuti tizingokhala pamwamba pa chuma chifukwa choopa.

Aphunzitsi aBanda: Mfundo imeneyo ndi yolemera, aPhiri, ndipo sindikuipeputsa. Inenso sindikunena kuti tisakumbe mpaka muyaya.

Bambo a Chisomo: Mwatchula Maputo, ndiye ndilankhuleko za Mozambique, chifukwa ndi apanyumba ndipo nkhani yawo imatikhudza ngakhale kuno. Gasi wa ku Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane, wakhala akubwera muno mu South Africa kuyambira 2004 kudzera m'payipi ya makilomita 865 yofika ku Secunda. Mafakitale ambiri a ku Gauteng kuno amayendera gasi ameneyo. Koma pitani m'midzi yozungulira zitsimezo, amayi akuphikira nkhuni ndi makala, achinyamata akudandaula za ntchito. Maputo yasinthadi, sindikutsutsa. Koma gasi sachokera ku Maputo.

Che Telala a ku Mayfair: Nanga Cabo Delgado?

Bambo a Chisomo: Kumeneko ndiye mtima umasweka. Mu 2010 anapeza gasi wambiri zedi m'nyanja yamchere kufupi ndi mtsinje wa Rovuma, m'chigawo chimene chili m'gulu la zigawo zosaukitsitsa m'dzikomo. Gasi asanatuluke n'komwe, mu 2013 ndi 2014 akuluakulu ena anakongola mobisa ndalama pafupifupi $2 biliyoni kudzera m'makampani atatu a boma, akuti za sitima zophera nsomba ndi zolondera gombe. Nyumba ya malamulo sinauzidwe. Zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama yawo ya metikali inagwa, zinthu zinakwera mtengo. Analipira ndani? Mayi wogula ufa ndi sopo. Nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, Manuel Chang, anamangidwa pompano pa bwalo la ndege la OR Tambo mu Disembala 2018, anakhala m'ndende muno zaka zingapo, kenako anatumizidwa ku America komwe khoti linamupeza wolakwa mu 2024.

Nangozo: Ndipo nkhondo inayamba mu Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia. Mu Malichi 2021 zigawenga zinalowa m'tawuni ya Palma, pafupi penipeni ndi Afungi pamene TotalEnergies inkamanga ntchito ya $20 biliyoni. Anthu ambiri anaphedwa, kampaniyo inaimitsa ntchito mu Epulo chaka chomwecho. Anthu mazana a zikwi anathawa m'midzi mwawo pa nkhondo yonseyi.

Che Telala a ku Mayfair: Apa ndipemphe tisamale polankhula. Ine ndine Msilamu, ndipo zimene zigawengazo zinachita, kudula anthu makosi, palibe chipembedzo chimene chimalola. Sindikuti gasi ndiye anayambitsa nkhondo payekha, zifukwa ndi zambiri. Koma mnyamata amene akuona mpanda wautali, mkati muli magetsi usiku wonse ndi ndege zikutera, kunja iyeyo wachotsedwa pamalo a makolo ake ndipo kumene ankaponya ukonde amuletsa, mnyamata ameneyo savuta kunyengerera. Olalikira chidani amapeza nthaka yolimidwa kale.

Nachisale: Kuletsa kupha nsomba kumeneko ndi kumene kukundisowetsa mtendere ine. Tiyerekeze kwathu. Akabwera kudzalipira chipukuta misozi adzafunsa kuti mwini munda ndani, mwini nyumba ndani, mwina mwini injini ndi chilimira ndani. Bambo anga mwina adzalembedwa chifukwa ali ndi bwato. Nanga anyamata okoka ukonde amene amalipidwa malinga ndi nsomba zimene zaphedwa usiku umenewo? Nanga mayi anga ndi anzawo apathandala, oyanika ndi owamba, amene alibe pepala lililonse losonyeza kuti moyo wawo uli pa doko limenelo? Nanga wa njinga wotenga usipa kupita nawo ku Ntcheu ndi ku Dedza? Pa nsomba imodzi pamadya mabanja angapo, koma pa ndandanda wa chipukuta misozi padzalembedwa dzina limodzi, ndipo kawirikawiri la bambo. M'mudzi momwemo mudzakhala nyumba zitatu za malata atsopano ndi makumi a mabanja amene ataya zonse osalandira kanthu. Anthu amene ankadyera limodzi adzayamba kuyang'anana ndi diso lofiira.

Mayi a Tadala: Nachisale, mwandikhudza. Amayi nthawi zambiri pamsonkhano wa amfumu ndi akampani timakhala kumbuyo, zomvana zonse n'kutha tisanatsegule pakamwa.

Nachisale: Ndipo nyanja yathu si nyanja yamchere yoti mafunde atenga zoipa n'kupita nazo kutali. Potulukira ndi pamodzi pokha, Shire. Chotayika mmenemo chimakhala zaka zambirimbiri. Shire yemweyo ndiye amayendetsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Blantyre imamwa madzi ochokera pa Walker's Ferry.

Nangozo: Za Ogoniland ku Nigeria zikutsimikiza mantha amenewa. Lipoti la mu 2011 la UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, linati kuyeretsa dera limenelo, loipitsidwa ndi mafuta, kungatenge zaka 25 mpaka 30. Pamudzi wina wotchedwa Nisisioken Ogale anapeza kuti madzi a m'zitsime anali ndi benzene, mankhwala oyambitsa khansa, wochuluka maulendo oposa 900 kuyerekeza ndi mlingo wa WHO. Ken Saro-Wiwa, amene ankatsogolera anthu a Ogoni kudandaula za zimenezi, ananyongedwa ndi boma la Sani Abacha pa 10 Novembala 1995 pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu. Wolemera akaona madzi aipa amagula a m'botolo kapena kusamukira ku Abuja. Wosauka amamwa omwewo.

aPhiri Dalaivala: Inu mukungosankha mayiko amene zinalakwika. Bwanji simukutchula Norway? Bwanji Dubai?

Nangozo: Norway ndiyoyenera kuitchula, malume, ndipo ndi umboni woti zimatheka. Anapeza mafuta pa Ekofisk mu 1969. Boma limatenga msonkho wa 78 peresenti pa phindu la makampani a mafuta. Mu 1990 anakhazikitsa thumba lapadera, ndalama yoyamba inalowamo mu 1996, ndipo ndalamazo amaziika kunja kwa dziko. Lamulo lawo ndi loti pa chaka boma lizigwiritsa ntchito pafupifupi 3 peresenti yokha ya thumbalo. Koma taonani dongosolo la zinthu: pamene mafuta ankabwera, anali kale ndi makhoti odalirika, nyuzipepala zaufulu, mabungwe amphamvu a ogwira ntchito, anthu ophunzira ndi chizolowezi chokhoma msonkho n'kumafunsa mmene wagwirira ntchito. Mafuta anapeza zonsezi zili m'malo.

Aphunzitsi aBanda: Za Dubai ndi Qatar, funsani abale athu amene anapita kukagwira ntchito kumayiko a Aluya. Nzika n'zochepa ndipo zimasamalidwadi, koma omanga nyumba zitalizitali zija ndi alendo a ku India, Nepal, Bangladesh, Kenya, Uganda, amene pa chuma cha mafutacho alibe gawo. Kusiyana kulipo, kungoti kwabisika kuseri kwa pasipoti.

Mayi a Tadala: Ine chimene ndinamva n'kuchikonda ndi cha ku Alaska. Kumeneko kuyambira 1982 munthu aliyense wokhala m'deralo, ndi mwana yemwe, amalandira ndalama chaka chilichonse kuchokera ku phindu la thumba la mafuta. Chaka choyamba inali $1,000 aliyense. Sizidutsa kwa mfumu kapena kwa phungu. Kwathu Mtukula Pakhomo ilipo kale, anthu akulandira ndalama pa foni. Chingalepheretse n'chiyani?

Aphunzitsi aBanda: Chiwerengero, mayi. Anthu a ku Alaska sakwana ngakhale miliyoni imodzi, ife tadutsa 20 miliyoni. Komabe ganizo lake ndi labwino, chifukwa munthu akadziwa kuti gawo lina ndi lake, amayamba kufunsa likachepa. Choopsa chachikulu cha mafuta ndi choti boma limasiya kudalira msonkho wa nzika. Likamapeza ndalama zambiri ku makampani awiri kapena atatu, silikhalanso ndi chifukwa chomvera mlimi wa ku Mchinji. Equatorial Guinea ndi chitsanzo chomvetsa chisoni. Anthu ndi ochepa, mafuta anali ambiri, mukagawa chuma pa munthu aliyense papepala dzikolo linkaoneka lolemera kuposa pafupifupi mayiko onse mu Africa. Koma pulezidenti ndi yemweyo kuyambira 1979, mwana wake khoti la ku Paris linamupeza wolakwa mu 2017 pa nkhani ya chuma chobedwa, pamene anthu ambiri akusowa madzi abwino.

Ankolo a ku Karonga: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilankhule monga munthu wa ku Karonga. Ife sitikufunika kupita ku Nigeria kuti tiphunzire. Mgodi wa uranium wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009. Boma linali ndi gawo la 15 peresenti, koma linachepetsanso misonkho ina kuti ntchito iyambe. Mtengo wa uranium utagwa pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima mu 2011, mgodiwo unaima mu 2014 ndipo unakhala zaka zambiri osatulutsa kanthu. Bungwe la ActionAid mu 2015 linawerengera kuti dziko linataya pafupifupi $43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha misonkho yochepetsedwa ndi njira zotulutsira ndalama kunja. Pa Karonga boma nthawi imeneyo malo ogona alendo anachuluka, lendi inakwera, atsikana ambiri anasiya sukulu. Ntchito itaima, amene anali ndi nyumba za lendi ndi magalimoto anatsala ndi katundu wawo, waganyu anabwerera kumunda chimanjamanja. Chimene chinkatipweteka kwambiri n'choti mgwirizano wa boma ndi kampani anthu wamba sitinkaudziwa. Ungadandaule bwanji kuti wabedwa pamene sukudziwa chimene unalonjezedwa?

aPhiri Dalaivala: Ndiye tiike lamulo loti gawo lina lizitsala m'boma limene mafuta akutuluka. Nkhani yatha.

Nangozo: Limathandiza, koma palokha silikwana. Malamulo a Nigeria a 1999 amati 13 peresenti ya ndalama za mafuta izibwerera ku zigawo zimene amachokera. Ndalama zimapitadi, zambiri ndithu, koma zimafikira mu ofesi ya bwanamkubwa, ndipo midzi ya m'mphepete mwa mitsinje ikadali yopanda zipatala zabwino. Ku Mozambique anaika 2.75 peresenti ya msonkho wa zokumbidwa kuti izipita ku midzi yokhudzidwa, koma madandaulo ndi omwewo, akuti anthu sadziwa kuti yabwera zingati ndipo wasankha chochita nayo ndani. Ku Chad, World Bank inathandiza kumanga payipi yopita ku Cameroon pa mgwirizano woti ndalama zambiri zipite ku maphunziro ndi zaumoyo, ina isungidwire mibadwo yam'tsogolo. Mafuta atayamba kutuluka boma linasintha lamulo, ndipo mu 2008 bankiyo inachokamo. Lamulo lopanda anthu olilondera limasinthidwa ndalama zikangoyamba kulowa.

Aphunzitsi aBanda: Palinso china chimene chingagunde alimi athu. Madola akamalowa ambiri, ndalama ya dziko imalimba, katundu wa kunja amatchipa, zokolola zathu zimadula kwa ogula akunja. Nigeria isanadalire mafuta inkatchuka ndi mtedza wa ku Kano, koko ndi mafuta a kanjedza. Ulimi umenewo unafooka m'zaka za m'ma 1970 mafuta atakwera mtengo. Kwathu anthu ambiri ali kumunda. Wa m'tawuni wogula galimoto ku Japan angasangalale, koma wa soya ndi nandolo angalire. Kenako mtengo ukagwa, monga unagwera kuchoka pa $100 mu 2014 kufika pansi pa $30 pa mgolo kumayambiriro kwa 2016, boma limayamba kudula bajeti, ndipo zoyamba kudulidwa zimakhala za osauka. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matopewo tiyenera kudziwiratu kuti adzagwera pakhomo pa yani.

Bambo a Chisomo: Mzinda uno tikukhalamowu ukutiphunzitsanso, ngakhale ndi golide osati mafuta. Unayamba mu 1886 chifukwa cha golide. Bambo anga anabwera kuno ndi Theba, anagwira pansi pa mgodi, anabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene chinawatenga. Lero imani pa Alexandra muyang'ane Sandton, pakati pali msewu waukulu basi. World Bank imaika South Africa pamwamba penipeni pa mayiko amene olemera ndi osauka ndi otalikirana kwambiri. Fumbi la m'milu ya migodi limagwera ku Riverlea ndi ku Soweto, osati ku Sandton. Ndipo taonani anthu a ku Wild Coast, ku Eastern Cape. Shell itafuna kufufuza mafuta m'nyanja yawo, asodzi ndi anthu a m'midzi anapita kukhoti la ku Makhanda mu 2021 n'kuimitsa ntchitoyo, chifukwa sanafunsidwe moyenera. Anthu wamba ngati makolo a Nachisale.

aPhiri Dalaivala: Ine maganizo anga sanasinthe, ndikufunabe tikumbe ngati mafutawo alipodi, ndipo nkhani ya malire ndi Tanzania ithe. Koma ndikuvomera kuti migwirizano iziikidwa poyera isanasainidwe. Malawi inalowa m'bungwe la EITI, lolimbikitsa kuika poyera ndalama za migodi ndi mafuta, mu 2015, ndiye tisamangolowa m'mabungwe, tiziona mapepalawo. Ndipo lamulo lathu la mafuta ndi la 1983, lakalamba.

Ankolo a ku Karonga: Poyera, komanso m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chitonga ndi m'Kyangonde. Pa wailesi, osati pa intaneti pokha.

Nachisale: Ndipo asanabwere ndi makina, awerenge kaye aliyense amene amadya za m'nyanja, osati eni maboti okha. Kalembera ameneyo achitike lero, nsomba zikuphedwa, kuti mawa wina asadzanene kuti padokopo panalibe anthu. Madzulo ano ndiwaimbira bambo, ali mu komiti ya padoko, ndiwauze ayambe kulemba mayina m'kope, amayi apathandala ndi anyamata a ukonde omwe.

Che Telala a ku Mayfair: Kwathu ku Makanjira nakonso ndiwauza achimwene anga. Nangozo, ndinamva kuti ku Ghana kuli komiti ya nzika yoyang'anira ndalama za mafuta, utilembere za komitiyo mwachidule m'Chichewa kuti tizitumize kumudzi.

Nangozo: Chabwino Che. Imatchedwa PIAC, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Mumakhala oimira mafumu, azipembedzo, atolankhani, ogwira ntchito ndi ena, ndipo imatulutsa malipoti kawiri pa chaka osonyeza ndalama zimene zalowa ndi kumene zapita. Mphamvu yomanga munthu ilibe, koma kangapo yapita kukayendera zitukuko zolembedwa m'mabuku n'kuulula kuti pamalopo palibe chimene chinamangidwa. Ndilemba Loweruka ndikamaliza mayeso, ndipo ndijambulanso mawu kuti osatha kuwerenga amvere.

aPhiri Dalaivala: Unditumizire inenso pambali, mwana wanga. Ndikunyamuka usiku uno kupita ku Beira, ndikamvera ndili pamzere pa boda.